Zoyera Zitasanduka Zachikasu

Lolemba, 3 Juni

Andigoneka m'wodi ya amayi, bedi lachinayi kuchokera pakhomo. Dzulo ndinagwa ndikuyanika malaya a kasitomala. Miyendo yatupa mpaka m'mawondo, mpweya ukundiperewera, ndipo ndikagona chagada ndimakhala ngati ndikumira.

Ntchito yanga ndi kuchapa ndi kusita zovala za anthu, chaka chino n'cha 31. Kabuku aka ndimalembamo zovala zimene ndalandira. Ndayambira kumbuyo kwake poti anesi ati ndizilemba makapu a madzi amene ndamwa, asapitirire asanu patsiku. Malo atsala ambiri, ndiye ndizilembamonso zina.

Sikelo 71. Mtima 132 pa mphindi. Adokotala ati mtima wanga ukuthamanga uku ukupunthwa, n'chifukwa chake madzi adzaza m'miyendo ndi m'mapapo. Mankhwala ndi awiri. Piritsi lokodzetsa, m'mawa ndi masana. Kapiritsi kakang'ono koyera ka mtima, kamodzi m'mawa. Dzina lake ndi digokisini, ndinapempha andilembere kuti ndisalakwitse.

Wondidikirira ndi mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga mmodzi yekhayo. Watseka saluni yake chifukwa cha ine. Wandiuza kawiri.

Lachiwiri, 4 Juni

Sikelo 70. Mtima 118. Makapu 4.

Kumanzere kwanga kuli mayi wamkulu thupi amene ankagulitsa mowa. Uno ndi mwezi wawo wachiwiri ali muno. Wodi yonse imawatcha a Wailesi, poti satseka pakamwa ngakhale ali ndi kapaipi ka mpweya m'mphuno. Atandiona anati, "Takulandirani, achemwali. Bedi limenelo ndi lamwayi, onse ogonapo amatuluka msanga. Ena pakhomo ili, ena pakhomo ilo." Pakhomo ilo ndi kakhomo kakumbuyo kotulutsira amene afunditsidwa mpaka kumutu. Anthu anaseka. Ndinasekako pang'ono kuti ndisaoneke wonyada.

Wogawa mankhwala m'mawa ndi mayi wowonda, wosaseka, wotchi yake amaipachika pachifuwa chadodolido. Muno amati Anesi a Wotchi. Asanandipatse kapiritsi ka mtima amandigwira pamkono, maso ali pa wotchi, mpaka mphindi yonse ithe. Anesi ena amagwira pang'ono n'kuchulukitsa m'mutu. Awa ayi. Ndinafunsa chifukwa chake. Anati, "Mtima wopunthwa ukauwerenga mothamanga umakunamiza. Kapiritsi aka kamauchepetsa liwiro. Tsiku limene ndidzapeze pansi pa 60, simumwa."

A Wailesi amawada chifukwa anawalanda mchere umene ankabisa m'pilo. Anesi atangotembenuka a Wailesi anati, "Ameneyu ngakhale mwamuna wake amamuwerengera mphindi." Anesi anamva. Sanacheuke.

Lachinayi, 6 Juni

Sikelo 68. Mtima 96. Mafupa a akakolo ayamba kuoneka. Kukhosomola kokha sikukutha.

Mpongozi wandichapira diresi pampopi wa kuseri. Walibweza lili ndi kapepala kanga ka chipatala m'thumba, katafufuma n'kusanduka phala. Mkaziyu sapisa m'matumba asanachape. Chikwatiwire sanapisepo. Ine m'matumba mwa anthu ndapezamo makiyi, mano oikirira, ndi timakalata toti tikanathetsa mabanja, ndipo zonse ndinkabweza osanena kanthu. Sindinamudzudzule. Ndinangoti, "Zikomo, mayi."

Mwana wanga wabwera ataweruka, atavala jekete la kuntchito. Amanyamula makatoni kumalo osungira mankhwala, ndipo mayina a mankhwala ambiri anawaloweza powerenga pamakatonipo. Kumene amakhala anthu amamutcha Adokotala, iye sakana. Anatenga fayilo yanga kumiyendo kwa bedi n'kumaiwerenga akugwedeza mutu. Kenako anakumana ndi adokotala enieni pakhomo n'kuwafunsa tsiku lotuluka. Anamuyankha akuyenda, "Chifuwa chikayera."

Lachisanu, 7 Juni

Sikelo 67. Mtima 88.

Anesi a Wotchi andiphunzitsa kudziwerengera. Zala ziwiri pansi pa chala chachikulu, maso pa wotchi ya pakhoma, kuyambira kamuvi kothamanga kali pa 12 mpaka kabwererenso pa 12. Ndinapeza 87. Anati, "Mwataya kumodzi, koma manja anu ndi odekha." Ndiwo mawu abwino amene ndamva chibwerere muno.

Yunifolomu yawo ndi yoyera ndithu, kolala yositidwa kuchokera kunsonga kulowa mkati, monga ziyenera kukhalira. Amasita okha, zimaoneka.

Loweruka, 8 Juni

Sikelo 67. Mtima 84.

Adokotala ati ntchito ya madzi ndi simbi ndiiiwale. Ndinati chabwino, koma m'mtima ndinati zopepuka ndizichapabe, mipango ndi malaya a ana.

Masana mwana wanga wandiuza kuti wabweza makiyi a chipinda changa kwa eni nyumba. Mabeseni ndi simbi zanga zonse zitatu wagulitsa. Chingwe choyanikira atenga aneba. Ndikatuluka ndizikagona kuchipinda kwa ana ake.

Ndinati, "Simbi yamagetsi ija ukanandisiyira."

Anati, "Muzisita chiyani, amayi? Maliro anu?" Anaseka, mpongozi nayenso anaseka.

Ndiye kuti ndikatuluka muno khomo ndili nalo limodzi, ndi lake.

Lamulungu, 9 Juni

Sikelo 66. Mtima 80. Kukhosomola kulipobe.

Nthawi ya alendo mwana wanga anakoka katani kuzungulira bedi, natulutsa paketi m'jekete. Mapiritsi akuluakulu 14.

"Amayi, chifuwa chanuchi pano akungochiyang'ana. Awa ndi amphamvu, amamwa mabwana. Limodzi m'mawa, limodzi madzulo, sabata imodzi chatha. Mkazi wanga abwerere ku saluni, ana akudyera kwa aneba ngati amasiye."

Ndinati tiwafunse kaye anesi.

"Ati? A wotchi aja? Akudziwa chiyani kuposa kuwerenga mpaka 60? Kapena mukuona ngati ndikufuna kukuphani?"

Ndinamwa. Paketi anaipereka kwa mkazi wake, iye n'kuiika m'chikwama chake m'kabati kam'mbali mwa bedi. Ati azindipatsa anesi akatuluka.

Kuseri kwa katani a Wailesi anati, "Adokotala a makatoni, anga mulibe? Ine ndimafuna oyambitsa chilakolako." Katani ya muno ndi yong'ambika cha kumunsi. Anaona zonse.

Lachiwiri, 11 Juni

Sikelo 66. Mtima 72. Makapu 3.

Mseru. Buledi ndabweza, tiyi ndamwa theka. Mpongozi wati ndikuchita dala kuti azindinyengerera.

Mayi wa bedi lachiwiri watuluka pakhomo ilo. A Wailesi anapempha pilo wake thupi lisanachoke n'komwe.

Lachitatu, 12 Juni

Mtima 65. Ndasanza kawiri. Mutu ukulemera, miyendo ili ngati ya munthu wina.

Asintha mabedishiti, koma ochapa a pano sadziwa ntchito. Nsalu zonse zayamba chikasu. Ndiye kuti sakutsukuluza mokwanira, sopo akutsalira, kapena akuyanika pamthunzi. Ndinawauza a Wailesi. Anati, "Achemwali, mwabwera kudzafa kapena kudzafuna ganyu?"

Lachinayi, 13 Juni

Sikelo 65. Mtima 57.

Anesi a Wotchi anawerenga pamkono, n'kuwerenganso ndi chomvera chija pachifuwa. Kapiritsi anakabweza m'botolo. "Lero ayi." Analemba pafayilo n'kupita kukauza adokotala. Anditenga magazi, zotsatira ati mawa.

Atabwerera anandifunsa ngati ndikumwa china chilichonse chosachokera m'manja mwawo, kaya cha m'sitolo, kaya masamba. Mpongozi anali pomwepo, akusenda lalanje. Anasiya kusenda. Ndinati ayi.

Mwana wanga atamva kuti sindinapatsidwe ka mtima anakwiya. Anati ndi mmene amachitira, amamana odwala n'kukagulitsa kunja. Anandimwetsa yekha lake lija la madzulo, ataima mpaka ndameza.

Lachisanu, 14 Juni

Izi ndikulemba Lamulungu, poti Lachisanulo dzanja silikanatha.

M'mawa mpongozi anandipatsa la chifuwa, lachikhumi, n'kupita kukatenga madzi otentha. Anesi a Wotchi atafika ndinaona kuti yunifolomu yawo nayonso yayamba chikasu, kuyambira kolala mpaka m'munsi. Zinandipweteka, poti munthuyu amasamala zovala. Ndinati ndiwathandize mwakachetechete, ena asamve.

"Anesi, pepani, musakwiye. Potsukuluza muziikako buluu pang'ono, kansonga ka supuni basi. Ndipo muziyanika padzuwa mutatembenuza. Chikasu chimenechi chichoka."

Anaweramira diresi lawo. Kenako anandiyang'ana ine.

"Chikasu chiti?"

"Chimene chili pamabedishitichi. Ndi pakhoma."

"Nanga babu ilo mukuliona bwanji?"

Ndinati lili ndi mkombero wachikasu, ngati dzira lokazinga.

Anasiya thireyi ya mankhwala pabedi la a Wailesi, chinthu chimene sachita, n'kundigwira mkono. 46. Anati kukugunda kuwirikuwiri, kwamphamvu kenako kofooka. Anakhala pabedi panga, nkhope pafupi ndi yanga.

"Amayi, diresi langa ndi loyera. Mashiti ndi oyera. Chikasu chili m'maso mwanu, ndipo chimabwera kapiritsi ka mtima kakachuluka m'magazi. Ine sindinakupatseni kopitirira. Ndikufunsaninso, ndipo mpongozi wanu palibe. Mukumwa chiyani?"

Ndinaloza kabati ndi maso.

Anatsegula okha, n'kutsegulanso chikwama cha mpongozi. Anawerenga paketi, atsala 4. Anati, "Mayo ine." Aka kanali koyamba kuwamva akunena mawu osakhala a ntchito.

Zotsatirazo zinachitika mofulumira. Anandisamutsira bedi loyamba, pafupi ndi tebulo la anesi. Anandimata mawaya pachifuwa, makina n'kutulutsa kapepala kataliatali ka mizere. Anatuma mnzawo kukaitana adokotala, wina kukatenga zotsatira za magazi, iwo akundibaya singano ya diripi. Akugwira ntchito anandifotokozera. Mapiritsi a chifuwa aja amatsekereza njira imene kapiritsi ka mtima kamatulukira m'thupi, ndiye kanaunjikana. Lokodzetsa nalo latsitsa mchere wina wa m'magazi wotchedwa potaziyamu, ndipo umenewo ukachepa ka mtima kamaluma kawiri. "Atatuwa akumana mumtima mwanu," anatero. Ndipo chifuwa chija sichinali cha tizilombo n'komwe, anali madzi.

Cha m'ma 12 ndinamva makina akulira, kenako mdima. Andiuza kuti mtima unatsika kufika pa 34. Adokotala anali asanafike, anali kwa wodwala wina. Anesi anawaimbira, anauzidwa jakisoni woti abaye, anabaya. Nditatsegula maso ndinapeza zala zawo zili pamkono panga, milomo ikuwerenga. Anati, "Musapite. Sindinamalize."

Mwana wanga anafika madzulo n'kundipeza ndili m'mawaya. Anayamba kukuwa kuti amayi ake awatani. Anesi a Wotchi anatulutsa paketi m'thumba n'kuikweza m'mwamba, wodi yonse ikuona.

"Bambo, awa ndi anu? Munatsala pang'ono kuika amayi anu m'manda. Kunyamula katoni si kudziwa zili m'katimo."

A Wailesi anaombera m'manja. "Adokotala agwa mayeso!" Alendo a anthu ena anaseka. Ndinaona khosi la mwana wanga likutupa monga linkachitira la bambo ake. Anatuluka osandiyang'ana.

Loweruka, 15 Juni

48. Diripi. Mapiritsi onse aimitsidwa.

Sanabwere aliyense. Ondikhuthulira chikodzero ndi mchemwali wa mayi wa bedi lachitatu.

Lamulungu, 16 Juni

Mtima 55. Chikasu chikuchepa, mashiti ayamba kuyera cha m'mphepete. Ndadya nthochi imodzi, anesi ati ndi yabwino pa mchere uja.

Anesi a Wotchi lero si tsiku lawo la ntchito, koma anadutsa atavala zakunyumba, anawerenga, n'kumapita.

Mpongozi wabwera masana. Sanakhale pansi. Wati mwamuna wake sakudya, kuntchito nkhani yafika ndipo anzake akumuseka. Mwana wangayo wakadandaula ku ofesi ya chipatala. Wanena zitatu: kuti anesi anandimana ka mtima masiku awiri mpaka ndinakomoka, kuti anapisa m'chikwama cha mkazi wake ngati wakuba, ndi kuti anamunyoza pagulu. Mapiritsi aja ati ndi a mpongozi, a chifuwa chake.

"Mawa akufunsani, amayi. Bedi lanu takonza kale kuchipinda kwa ana. Koma bambo ati munthu wowachititsa manyazi kawiri sangagone m'nyumba mwawo. Ine ndangotumidwa."

Anasiya malalanje awiri.

Lolemba, 17 Juni

Mtima 59. Andibwezera bedi langa lachinayi.

Anabwera mkulu wa anesi onse, amene amati a Metironi, atanyamula paketi ija. Mwana wanga anaima kumiyendo kwa bedi, makiyi a nyumba yake ali kuchala, akuwazunguza. Mpongozi pambali pake. Anesi a Wotchi anaima patali pang'ono, manja kumbuyo, akuyang'ana khoma.

A Metironi anafunsa mpongozi ngati mapiritsiwo ndi ake. Anati eya, n'kukhosomola kawiri.

Kenako anatembenukira kwa ine. "Amayi, funso ndi limodzi. Awa munamwapo?"

Ndinamwa 10. Limodzi Lamulungu, awiriawiri masiku anayi, limodzi Lachisanu. Ndikudziwa ngakhale makapu amene ndinamwera. Ndinayang'ana makiyi aja.

"Sindinamwe."

"Mwati bwanji? Kwezani mawu, amayi, sindikumva."

Moyo wanga wonse anthu akhala akundiuza kuti ndikweze mawu. Lero ndinakweza. "Sindinamwe!" Anamva mpaka a pakhomo.

Anesi a Wotchi sanasunthe. Sananditsutse, ngakhale kunena kuti ndinawalozera ndekha kabati. A Metironi anafunsa ngati pali wina anaonapo kanthu. Wodi yonse inangoti zii. A Wailesi, kwa nthawi yoyamba chibwerere changa, anali m'tulo.

Mwana wanga anandikonzera pilo asanapite. Anati, "Mwachita bwino, amayi."

Lachiwiri, 18 Juni

Anesi a Wotchi awachotsa m'wodi muno. Ati awaika pakhomo lalikulu, koyeza anthu sikelo.

Wabwera wina wansangala, amatitcha tonse "okondedwa". Anandigwira mkono pang'ono, akucheza ndi mnzake za nsapato, n'kulemba 72. Atachoka ndinawerenga ndi wotchi ya pakhoma, 12 mpaka 12. Ndinapeza 61.

A Wailesi andipatsa dzina. "Mwadzuka bwanji, Mayi Sindinamwe? Tiyi munamwa? Kapena simunamwe?" Wodi yonse yalitola. Ngakhale wokolopa wanditchula choncho.

Ndinawafunsa motsitsa, "Inu munaona. Bwanji simunanene?"

Anati, "Mwana ndi wanu, mtima ndi wanu, pakamwa ndi panu. Ine changa chinali mchere, ndipo anandilanda." Anapisa m'pilo watsopano uja n'kundionetsa kapepala ka mchere. Wabwerera kale.

Lachitatu, 19 Juni

Sikelo 64. Mtima 66, wodziwerengera. Zoyera zayera.

Adokotala anaima nthawi yaitali pa fayilo yanga. Ndi mnyamata, maso ake ndi ofiira ndi tulo. Anati, "Amayi, magazi anu akunena zosiyana ndi zimene munanena inu. Ndinawauza ku ofesi, koma ati mwini wake wakana." Ndinasalaza bedishiti ndi dzanja. Anati, "Pa anesi anga onse, amene ndinkagona tulo akakhala pa ntchito anali wa wotchi uja." Anatseka fayilo.

Kuyambira mawa ka mtima ndizimwa theka lokha. Pansi pa 60, osamwa. Lokodzetsa kamodzi patsiku, ndi lina la potaziyamu. China chilichonse osamwa osafunsa kuchipatala.

Ndalira pang'ono nditafunda kumutu. A Wailesi anati, "Musafunde choncho, akutengani."

Lachisanu, 21 Juni

Sikelo 64. Mtima 64. Anditulutsa.

A Wailesi dzulo ndi lero sakulankhula bwino, atupa mpaka kumaso. Nditatsanzika anangokweza chala n'kuloza pakhomo ili, kenako n'kudziloza okha, n'kuloza pakhomo ilo. Anayesa kuseka.

Mwana wanga anandikankha panjinga ya odwala. Njira yotulukira imadutsa pakhomo lalikulu. Ndinawaona patali, ataima pambali pa sikelo, mzere wa anthu utafika panja. Ndinaweramitsa mutu kuti tidutse. Anasiya mzere wonse n'kuima kutsogolo kwa njinga. Moni sanapereke. Anandigwira mkono, maso pa wotchi.

Mwana wanga anati, "Musawakhudze amayi anga, inu."

Sanamuyang'ane.

Ndinati, "Anesi, ine..."

"Musalankhule, mundisokoneza."

Tinaima pamenepo mphindi yonse, anthu akutilambalala. Yunifolomu yawo inali yoyera mbee, kolala yosita bwino.

"63. Theka lokha. Zoyera zikadzayambanso chikasu musadikire wokuperekezani." Anandisiya mkono n'kubwerera pa sikelo. "Wotsatira!"

Loweruka, 22 Juni

Kwa mwana wanga. Bedi langa lili kuseri kwa chitseko, kuchipinda kwa ana. Mankhwala onse akusunga mpongozi pamwamba pa kabati.

M'mawa anabwera ndi kapu ndi kapiritsi kathunthu. Ndinati adokotala anati theka. Mwana wanga anayankha ali pabalaza akumanga nsapato, "Theka ndi la ana. Zimenezo ndi nzeru za nesi uja, anawapusitsa adokotala. Kakang'ono kale kameneko, mukadulanso mutsala ndi chiyani? M'nyumba muno mankhwala timamwa mokwanira."

Mpongozi anaima pomwepo kudikira. Ndinakaluma pakati, theka ndinameza, theka ndinalikankhira kutsaya. N'kowawa kwambiri. Atatuluka ndinalavulira m'dzanja. Pansi pa bedi ana amasesa, pazenera mpongozi amadutsa. Ndinaika m'thumba la diresi.

Lachiwiri, 25 Juni

Chitseko ndikachisiya chotsegula pang'ono, wotchi ya pabalaza imaoneka ndili pabedi. Ndimawerenga kapu isanafike.

Lamulungu 64, theka m'mimba, theka m'thumba. Lolemba 62, chimodzimodzi. Lero 58, konse m'thumba.

Masana mpongozi anatenga diresi kukachapa. Ndinakhala pabedi manja ali m'miyendo, ndikumva madzi akulowa m'beseni. Ndinadikira kuti akuwe. Ndinangomva akufikisa, akuimba.

Diresi labwera madzulo. M'thumba mulibe kanthu, kupatula kachizindikiro koyera ngati choko mumsoko. Ndinakafikisa ndi chala, kachoka.

Lachisanu, 28 Juni

Sikelo kulibe kuno. Mtima 66. Ndayenda mpaka pageti n'kubwerera osapuma.

Mwana wanga anandiona ndikuyenda. Anaitana aneba awiri. "Mwaona? Sabata imodzi m'manja mwanga, kathunthu tsiku lililonse. Akanakhala kwa mayi wa wotchi uja bwenzi titaika kale. Si choncho, amayi?"

Ndinati eya.

Mkazi wa aneba ali ndi m'bale wake m'wodi muja. Wati a Wailesi anatuluka Lolemba, pakhomo ilo. Anesi a Wotchi akadali pa sikelo.

Loweruka, 29 Juni

Mtima 65. Theka m'mimba, theka m'thumba.

Saluni ya mpongozi makasitomala anathawa nthawi imene inali yotseka. Koma anga akale akumabwerabe kudzafunsa kumene ndinasamukira, ena atanyamula mitolo. Lero mpongozi anabwera kuchipinda wopanda kapu, n'kukhala pansi, chinthu chimene sanachitepo.

"Amayi, anthuwa tisamawabweze. Mundiphunzitse mmene mumachitira, kuyambira poyamba penipeni. Musasiye kalikonse."

Anandiikira mpando panja pafupi ndi beseni. Ndamuphunzitsa kupatula zoyera ndi zamitundu. Ndamuphunzitsa kunyika, kufikisa kolala ndi m'khwapa, kutsukuluza katatu, buluu kansonga ka supuni, kuyanika atatembenuza. Amamva msanga, manja ake ndi amphamvu. Anandiyang'ana akupukuta thukuta, akumwetulira.

"Basi? Palibe chimene mwaiwala?"

Diresi langa la dzulo linali pamwamba pa mulu, pafupi ndi dzanja lake.

Ndinati, "Palibe, mayi. Liponyeni m'madzi."